Za Pakhomo Pathu: Chisakasa cha Udzu, cha Malata, Kapena Mtengo?



Mwezi wa Okutobala ukafika, ife amene ntchito yathu ndi yoyendera makomo sitichedwa kuzindikira khomo limene lili ndi mthunzi ndi limene lilibe. Pakhomo popanda mthunzi mpando wa mlendo umasunthidwa katatu kapena kanayi macheza asanathe, kutsatira kamzere ka mthunzi wa khoma, ndipo pofika masana mwini khomo ndi mlendo wake amakhala atapanikizana kuchipupa ngati nkhuku zousa mvula. Komatu amene amatimvetsa chisoni koposa si mlendo ayi. Ndi agogo odwala amene timawapeza atagona m'nyumba ya malata, thukuta lili kamukamu, chifukwa panja palibe poyala mphasa. Ndi mayi amene akusankha nyemba padzuwa, mwana ali kumsana.

Nyengo ino ena mwa inu mwagulitsa mbatatesi, soya kapena fodya, ndipo kandalama kakali m'thumba. Tafunsidwa kangapo potuluka m'kachisi kuti, kodi Abusa, pabwalo paja timangepo chiyani? Ife sindife amisiri, ndipo kusukulu ya Baibulo sanatiphunzitse kugwira sowo. Zochepa zimene tikudziwa tinaziphunzira poluza, tsono tiyambe ndi kuulula za kuluzako.

Zaka zingapo zapitazo tinamanga chisakasa cha malata panyumba imene tinkakhala. Tinapita kusitolo ndi kusankha malata otsika mtengo kuposa onse, opyapyala oti ukawanyamula amapindika okha. Pofuna kupulumutsa ndalama za nsanamira ziwiri, tinakhomera mitanda ya chisakasacho ku phaso la nyumba yeniyeniyo, mbali ya kumadzulo, pakuti kumeneko ndiko kunali kuonekera kumsewu. Kunena zoona, tinkafuna kuti odutsa aziona. Sabata yoyamba tinazindikira kuti pansi pake pamatentha ngati mu uvuni wa njerwa, chifukwa denga linali pafupi ndi mutu. Sabata yachiwiri tinaona kuti ikamakwana 3 koloko masana dzuwa limalowa cham'mbali ndi kutipeza pomwe takhala. Kenaka mu Novembala kunabwera chimphepo chija chimatsogolera mvula. Chinanyamula chisakasa chonse, ndipo popita chinatenganso malata atatu a denga la nyumba. Mabuku ananyowa, matumba a chimanga ananyowa. M'mawa mwake tinapeza lata limodzi m'dimba la mnansi wathu litadula thunthu la nthochi pakati ngati chikwanje. Tinaima pamenepo kanthawi osalankhula, tikulingalira kuti pamalo pa nthochiyo pakanatha kukhala mwana wa munthu.

Kuyambira tsiku limenelo timauza aliyense kuti funso la udzu kapena malata si loyamba. Oyamba ndi awiri awa: dzuwa limachokera kuti pa nthawi imene mumafuna mthunziwo, ndipo mphepo ikabwera idzagwira pati?

Tiyambe ndi dzuwa. Dera lathu lino la Angónia, Tsangano, Macanga mpaka ku mzinda wa Tete lili pafupifupi madigiri 15 kummwera kwa mzere wa ikweta. Kaamba ka ichi, dzuwa limafika paliwombo penipeni kawiri pa chaka, kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Miyezi yonse ya pakati pa chaka dzuwa la masana limapendekera kumpoto, kotero kuti mu Juni nsanamira yotalika mamita awiri ndi theka imaponya mthunzi wa mamita pafupifupi awiri kuloza kummwera, ngakhale masana enieni. Ambiri pomanga timaganizira dzuwa la paliwombo lokha, ngati kuti mthunzi udzakhala pansi pa denga tsiku lonse. Sizili choncho. Pakati pa Okutobala, ikamakwana 3 koloko masana, mthunzi wa denga lotalika mamita awiri ndi theka umakhala utasuntha mamita atatu kuloza kum'mawa. Ngati chisakasa chanu ndi cha mamita atatu m'lifupi, ndiye kuti mthunzi wonse watuluka, uli kwa nkhuku, inu mwatsala padzuwa. Ndipo nthawi imeneyi ndiyo imene nthaka ndi makoma zatentheratu.

Tsono musanagule kanthu kalikonse, tengani nsungwi ya mamita awiri ndi theka, muizike pamalo pamene mukufuna kumanga, ndipo mutume mwana alembe pansi pamene mthunzi wake ukuthera nthawi ya 10 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko. Ntchito imeneyi ndi ya tsiku limodzi ndipo silira ndalama. Mudzaona nokha kuti malo abwino nthawi zambiri ali kum'mawa kwa nyumba, kumene nyumbayo imakutchingirani dzuwa la madzulo kwaulere. Ngati bwalo lanu likukakamizani kumanga kumadzulo, mbali yaifupi ya chisakasa ndiyo iyang'ane kumadzuloko, ndipo muikeko mpanda wa bango kapena mkeka wopachika umene mungathe kuukulunga dzuwa likalowa.

Apa tiyenera kusiyanitsa malo, pakuti owerenga tsamba lino sakhala kumodzi. Abale a kuchigwa cha Zambezi, ku Tete ndi ku Moatize, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, amafuna mthunzi chaka chonse ndi mpweya wodutsa mbali zonse. Koma ife a kumtunda kuno, kumene Ulóngue ali mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, tili ndi miyezi ya Juni ndi Julayi pamene agogo omwe aja amafunafuna dzuwa loti aothe. Kwa ife chisakasa chabwino ndi chotseguka kumpoto ndi chotchingidwa kummwera. Mu Juni dzuwa lopendekera lija lidzalowa pansi pa denga ndi kufunditsa okhalamo, mwera sudzawapeza, ndipo mu Novembala denga lomwelo lidzawaphimba. Abale a ku Milange, amene mumadziwa chiperoni ndi kamvula kake kowaza, inunso mbali yochokera mphepoyo muitseke.

Tibwere ku mphepo, pakuti apa ndipo pali moyo wa anthu. Sitinaiwale namondwe Idai amene anagwa pa Beira mu Malichi 2019, kapena Ana wa mu Januwale 2022 amene madzi ake anagumula mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, kapena Freddy amene mu Malichi 2023 analowera cha ku Quelimane ndi kusiya maliro ku Zambézia ndi kummwera kwa Malawi. Koma chisakasa sichidikira namondwe wokhala ndi dzina kuti chiuluke. Chathu chija chinatengedwa ndi mphepo wamba ya mphindi zochepa. Chimene ambiri sitidziwa ndi chakuti liwiro la mphepo likawonjezeka kawiri, mphamvu yake pa denga imawonjezeka kanayi. Ndiponso mphepo sikankha denga kuti ligwe pansi, imalikweza m'mwamba. Pa nyumba yotseka imakoka kuchokera pamwamba pokha, koma pa chisakasa chopanda makoma imalowanso pansi ndi kukankha, motero denga lili pakati pa manja awiri amene onse akulikwezera kumwamba.

N'chifukwa chake kusanjika miyala, njerwa kapena matayala akale pamwamba pa malata si nzeru. Mphepo yaikulu ikafika, miyalayo ndiyo imagwera anthu. Chofunika ndi chakuti chilichonse chimangiriridwe ku chinzake kuyambira pamwamba mpaka pansi: lata ku mtanda, mtanda ku phaso, phaso ku nsanamira, nsanamira m'nthaka. Msomali wokhomedwa choimirira umazuka mosavuta chinthu chikakokedwa m'mwamba, choncho paliponse pamene mitengo iwiri yakumana muzengerezepo waya wolimba kawiri kapena katatu, kapena kachitsulo kopyapyala kokhomera mbali zonse. Malata akhomedwe ndi misomali yake ya zipewa, pamsana wa lata osati m'ngalande, ndipo m'mphepete mwa denga misomali ichuluke, pakuti mphepo imayambira kumeneko kusenda. Lata lisatuluke kwambiri kupyola mtanda wotsiriza.

Ndipo chachikulu, chimene ife tinachiphunzira ndi mabuku onyowa: denga la chisakasa kapena la khonde lisalumikizidwe ku denga la nyumba. Liime pa nsanamira zakezake, lilowe pang'ono pansi pa denga la nyumba ngati mukufuna kuti madzi asadutse pakati, koma likhale lapalokha. Likadzapita, lipite lokha. Mmisiri akakuuzani kuti kulumikiza kupulumutsa mitengo, mumuyankhe mwaulemu kuti nsanamira ziwiri ndi zotsika mtengo kuposa denga la nyumba.

Tsopano tingathe kukamba za chofolera. Ife maganizo athu sitibisa: pa mthunzi wokha, udzu umaposa malata kutali. Lata likapsa ndi dzuwa limabweza kutenthako pamutu pa wokhala pansi pake, pamene udzu wochindikala sulola kutentha kudutsa, ndipo mvula ikamagwa mungathe kumvana polankhula. Amene munachitapo mapemphero a pamlaga pansi pa malata mvula ikugwa mukudziwa kuti wowerenga amangooneka milomo ikugwedera. Chimene chimatilepheretsa kufolera ndi udzu si china koma manyazi. Tinazolowera kuti udzu ndi chizindikiro cha umphawi, ndipo munthu amene wangochotsa udzu panyumba yake safunanso kuuona pabwalo. Komatu kunyanja ya Niassa eni malo ogona alendo amalipira ndalama zambiri kuti awafolerere ndi udzu womwewo, ndipo alendo ochokera kutali amasankha kukhala pansi pake.

Udzu uli ndi malamulo ake. Denga lake liyenera kukhala lotsetsereka kwambiri, madigiri 45, kuti madzi athamange asanalowe. Kuwerengera kwake n'kosavuta: ngati chisakasa ndi cha mamita atatu m'lifupi ndipo msonga uli pakati, msongawo ukwere mita imodzi ndi theka pamwamba pa nsanamira za m'mbali. Denga la udzu logona limaola chaka chimodzi. Udzu umwetedwe utauma bwino, mu Juni kapena Julayi moto wa kutchire usanadutse, upesedwe kuchotsa masamba, ndipo umangidwe mothinana pa mbariro kuyambira pansi kukwera m'mwamba. Alimi a fodya, inu amene chaka ndi chaka mumamanga zigafa, luso limeneli muli nalo kale m'manja. Chosiyana n'chakuti chigafa mumamangira nyengo imodzi, pamene ichi mukumangira zaka. Choopsa cha udzu ndi moto. Chisakasa chotere chitalikirane ndi khitchini, mbaula isayatsidwe pansi pake, ndipo udzu wa kuseri kwa mpanda ulambulidwe nyengo ya lupsa isanafike. Mudziwenso kuti pakapita zaka zochepa mudzafunika kuwonjezera udzu wina. Amene alibe ana kapena abale omuthandiza ntchito imeneyi aganize kawiri, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Malata nawo ali ndi ubwino wake, ndipo sitikuwanyoza. Sagwira moto, salira kufolera kawirikawiri, ndipo amakolola madzi. Mvula ya mamilimita 10 ikagwa pa denga la mamita atatu m'lifupi ndi anayi m'litali imapereka malita 120, ndiko kuti zigubu zisanu ndi chimodzi za malita 20, ngati mwaika ngalande ndi mgolo. Mayi amene amatunga madzi kutali adzakuuzani kuti zimenezi si zochepa. Koma mukasankha malata, chitani zinthu zitatu. Gulani ochindikala, a mamilimita 0.4 ngati thumba lilola, pakuti opyapyala amang'ambika pamsomali. Kwezani denga, mbali yotsika isachepere mamita awiri ndi theka. Ndipo pansi pa malatawo yalani bango kapena mphasa zakale, kusiya mpata wa chikhatho pakati kuti mpweya wotentha uzituluka. Utoto woyera pamwamba umathandizanso, chifukwa umabweza dzuwa.

Za lona sitichulukitsa mau. Ndi yabwino pa ukwati, pa maliro kapena pa msonkhano wa masiku atatu, koma dzuwa lathu lino limaifumbutsa miyezi yochepa, ndipo mvula ikagwa imasunga madzi pakati mpaka kugwetsa mitengo. Neti yamthunzi, ija timaiona ku nazale za mitengo, ndi yopepuka ndipo mphepo imadutsamo osainyamula. Yolembedwa 80 peresenti imapereka mthunzi wokwanira kukhalapo anthu, koma mvula imadutsa, choncho ndi ya ana osewera ndi mbande, osati yoyanikapo ufa.

Chisakasa chimafera ku miyendo. Mdani wake ndi chiswe pamodzi ndi chinyezi cha pamene mtengo wakumana ndi nthaka. Makolo athu ankasankha muwanga ndi tsanya chifukwa chiswe chimaivutikira, koma mitengo imeneyi yachepa, imakula mochedwa, ndipo si yongodula popanda chilolezo cha amfumu ndi a zankhalango. Bulugamu ndiye amapezeka paliponse, koma wosathiridwa mankhwala chiswe chimamumaliza zaka zochepa. Ngati mungapeze mitengo yothiridwa mankhwala kufakitale, yakuda ija yonunkha phula kapena yobiriwirako, gulani imeneyo. Koma tikupempheni amayi, zidutswa zake zotsala musasonkhere moto wophikira, ndipo phulusa lake lisathiridwe m'dimba kapena kuchezera chidulo, pakuti mankhwala a mitengo yobiriwirayo ali ndi poizoni wotchedwa arsenic. Dzenje la nsanamira likhale lakuya masentimita 60 kapena kuposerapo. Pansi pake thirani timiyala kuti madzi azitsika, ndipo mukathira simenti izungulire m'mbali mokha, isatseke pansi ngati mphika, chifukwa madzi akakhazikika mmenemo mtengo umaolera mkati inu osadziwa. Amene ali ndi njerwa zootcha angathe kumanga zipilala, koma aikemo chitsulo kapena waya wochokera pansi pa maziko wodzamangira denga. Chipilala chopanda chomangira chimangokhala mpando umene denga lakhalapo podikira mphepo.

Pali njira ina yapakati imene timaikonda kumtunda kuno: kumanga thandala la mitengo lopanda chofolera ndi kuyangitsapo chomera. Mpesa ndi wabwino chifukwa umayoyola masamba nyengo yozizira, dzuwa n'kulowa, ndipo umaphukanso kukayamba kutentha. Magalagadeya amaphimba msanga ndipo ana amadya zipatso, ngakhale kuti chomeracho chimatha mphamvu pakapita zaka zitatu kapena zinayi. Owerenga buku la Yona mukukumbukira kuti mneneriyo anadzimangira pousa kum'mawa kwa Nineve, koma mthunzi umene anakondwera nawo unali wa chomera, ndipo mbozi imodzi inauthetsa. Zomera zoyanga zili choncho mpaka lero. Mbuzi imodzi yomasuka ingathe kuchita ntchito ya mboziyo. Muzidulira masamba kuti asathithikane, chifukwa njoka nazo zimakonda malo ozizira.

Koma mthunzi woposa yonse ndi wa mtengo wamoyo, ndipo aliyense amene anakhalapo pansi pa mango masana a Novembala sangatsutse. Masamba amatulutsa chinyezi chimene chimaziziritsa mpweya, chinthu chimene lata kapena udzu wouma sizingachite. Vuto lake ndi limodzi, kudikira. N'chifukwa chake ife timati musasankhe pakati pa chisakasa ndi mtengo. Mangani chisakasa cha lero, ndipo chaka chomwecho bzalani mtengo kumadzulo kwake, kuti nsanamira zikamadzatopa mtengo udzakhale utatenga udindo. Kuchigwa nimu amapirira chilala ndipo amakhala wobiriwira pamene mitengo ina yayoyola. Mango amachita bwino malo ambiri, koma atalikirane ndi nyumba mamita asanu ndi atatu, chifukwa cha mizu ndi nthambi. Kumtunda mapichesi amapereka kamthunzi kopepuka ndipo amalola dzuwa la Juni. Kachere musamubzale pafupi ndi nyumba kapena chitsime, mizu yake imang'amba maziko. Bulugamu asakhale pabwalo konse, pakuti amagwetsa nthambi popanda chenjezo ndipo amamwa madzi ambiri. Ndipo ana aphunzitsidwe kuti kukamachita ziphaliwali pothawira ndi m'nyumba, osati pansi pa mtengo kapena pa chisakasa.

Mau amodzi kwa abambo. Musanazike nsanamira yoyamba, funsani mayi a kunyumba kuti iwo akufuna chikhale pati. Ife abambo timaganizira za alendo a Lamulungu masana ndi za odutsa mumsewu, koma amene adzakhale pansi pa denga limenelo masiku asanu ndi limodzi otsalawo ndi mayi, ana ndi okalamba. Iwo adzakuuzani kuti likhale poti angathe kuona khomo la khitchini ndi ana nthawi imodzi, ndi kuti pansi pake pakwezedwe pang'ono ndi kuzira kuti madzi a mvula asadutsepo. Pa chisakasa chathu choyamba chija sitinafunse, ndipo amayi a kwathu sanatikumbutse kawirikawiri, koma kamodzi kokha kamene anatikumbutsa kanakwanira.

Chachiwiri chimene tinamanga chili kum'mawa kwa nyumba, mamita atatu m'lifupi ndi anayi m'litali, pa nsanamira zisanu ndi imodzi, chofoleredwa ndi udzu, ndipo sichikhudza denga la nyumba paliponse. Amayi a chigwirizano akabwera amakwanamo khumi ndi awiri pa mphasa ziwiri. Amene mukufuna cha udzu chaka chino mwachedwa, pakuti wambiri wapsa kale. Zikani nsanamira tsopano nthaka isanafewe, muyalepo mikeka kapena neti, udzu mudzamwete mu Juni. Koma dzenje la mtengo kumbani mwezi uno, masentimita 60 mbali zonse, muthiremo manyowa owolerana, kuti mvula ikakhazikika mu Disembala mbande ilowe. Muitchingire ndi minga kapena njerwa zosanjikiza mpaka itapitirira pamene mbuzi imafika itaimirira ndi miyendo iwiri.